Digiri Ili M'manja, Nanga Labotale Ili Kuti?

Mkanjo wa pa mwambo wolandira digiri wabwezedwa, zithunzi zaikidwa pa Facebook, ndipo achibale amene anabwera kudzalulutira abwerera kumudzi. Tsopano mwana wathu amene watha zaka zisanu akuphunzira uinjiniya wakhala pakhonde, envulopu ya khaki ili pambali, akuvundukula masamba olengeza ntchito mu The Nation ndi The Daily Times. Akupeza kuti kukufunika akauntanti, dalaivala, namwino, mwinanso injiniya woyang'anira ntchito yomanga msewu amene wagwirapo kale zaka khumi. Chimene iye akufuna sichikuoneka. Mtima wake uli pa kafukufuku wa zipangizo: akufuna kudziwa chifukwa chake njerwa ina imaphwanyika ina n'kulimba, chifukwa chake malata ena amachita dzimbiri patangotha dzinja limodzi.

Phunziro lino ndi la munthu ameneyu. Ndi lanunso amene mudakali m'kalasi, komanso makolo ndi akuluakulu amene posachedwapa muyamba kumufunsa kuti, "Kodi ntchito ija sinapezekebe?" Mfundo yake ndi yakuti ntchito ya kafukufuku wa zipangizo kuno kwathu kawirikawiri sailengeza ndi dzina lake lenileni. Ambiri amene amailowa amadzera pakhomo la chipinda choyezera zinthu, atanyamula umboni woti amadziwa kuyeza ndi kulemba mosabisa zimene aona.

Kodi kafukufuku wa zipangizo n'chiyani?

Tikati zipangizo pano tikunena zinthu zimene timapangira zinthu zina: chitsulo, simenti, dongo, galasi, pulasitiki, matabwa, phula la mumsewu. Pa Chingerezi phunziroli amalitcha materials science and engineering. Limafunsa mafunso anayi olumikizana ngati mfundo za nsungwi. Chinthuchi chapangidwa bwanji? Kapangidwe kameneko kasiya m'kati mwake muli motani? Mmene muliri m'katimo mwachipatsa makhalidwe otani, kulimba kapena kufewa, kupindika kapena kuthyoka? Nanga chikakhala pa ntchito, padzuwa ndi pamvula, chikhalitsa motani?

Wosula zitsulo wa pamsika amadziwa mbali ya zimenezi ndi manja ake. Akatenthetsa chitsulo cha sipuling'i ya galimoto mpaka kufiira n'kuchiviika m'madzi mwadzidzidzi, chimauma gwa, koma chikhoza kuthetheka ngati mbale yadothi. Akachisiya kuti chizizire pang'onopang'ono m'phulusa, chimafewa. Chitsulo n'chomwecho, palibe chimene wawonjezera kapena kuchotsa. Chasintha ndi mmene tizidutswa tam'kati mwake tadzisanjira. Makolo athu ankayenga chitsulo m'ng'anjo, ndipo zotsalira za ng'anjo zoterozo zikuonekabe ku nkhalango ya Kasungu. Woumba mbiya amene amasakaniza dongo ndi mchenga kapena mapale osinja kuti mbiya isang'aluke pamoto nayenso ali m'ntchito yomweyi. Chimene wofufuza wa lero amawonjezera ndi sikelo, makina, kope ndi chizolowezi chobwereza muyeso mpaka atatsimikiza.

Kumene ntchitoyi imabisala

Dziko lathu lilibe makampani akuluakulu okhala ndi nthambi yapadera ya kafukufuku monga mmene zilili ku Germany kapena ku Japan. Tisanamizane pamenepa. Komabe zipangizo zikuyezedwa tsiku ndi tsiku. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene likulu lake lili ku Blantyre, limayeza katundu kuti lione ngati akufika pa muyezo wovomerezeka. Ku Lilongwe kuli Central Materials Laboratory ya unduna woona za mtengatenga ndi ntchito za chitukuko, kumene amayeza dothi, miyala, phula ndi konkire. Kontirakitala aliyense womanga msewu waukulu amakhala ndi labotale yake pamalo a ntchito, ndipo mainjiniya oyang'anira ntchitoyo amafuna munthu wawo wotsimikizira zotsatira zake. Mafakitale a simenti, monga ya Shayona ku Kasungu ndi ya Cement Products ku Mangochi, sangayende popanda anthu oyeza zimene zikulowa ndi kutuluka mu uvuni.

Kulinso migodi. Ku Kayelekera m'boma la Karonga kuli uranium. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe m'boma la Phalombe kuli miyala imene amaitcha rare earths, yofunika popanga maginito amphamvu a m'galimoto zamagetsi. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka rutile ndi graphite. Kukumba mwala ndi chiyambi chabe. Ntchito yaikulu ndi kulekanitsa chofunikacho ndi dothi lopanda pake, ndipo imeneyo ndi ntchito ya akatswiri a zitsulo ndi zipangizo. Ndiye pali mayunivesite: MUBAS ku Blantyre, imene ambiri timaitchulabe Polytechnic, ndi MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014. Aphunzitsi kumeneko akapeza thandizo la ndalama za kafukufuku amafuna wowathandiza, ndipo nthawi zambiri amayamba kukumbukira wophunzira amene ankatsala m'labotale anzake ataweruka.

Taonani tsono maina amene ntchitozi zimabwera nawo m'nyuzipepala: laboratory technician, quality control officer, graduate trainee, research assistant. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Munthu wa digiri amaona mawu akuti technician n'kutembenuza tsamba, poganiza kuti imeneyo ndi ntchito ya wa dipuloma. Ine ndikuona kuti kumeneko n'kudzitsekera khomo. Malipiro ake ndi ochepa, zoona, ndipo nkhawa yoti mungakhazikike pomwepo mpaka kalekale ndi yomveka. Koma chaka chimodzi kapena ziwiri zosefa mchenga, kuyeza chinyezi cha dothi ndi kuphwanya konkire zimakupatsani chinthu chimene kalasi singapereke: manja odziwa makina, ndiponso maso ozindikira nambala yokayikitsa.

Phunziro la makyubu atatu

Tiyeni tikhalitse pa chitsanzo chimodzi, chifukwa muli zonse zimene wolemba anthu ntchito amafuna kudziwa za inu.

Pomanga mlatho kapena nyumba yosanja, amatapa konkire wosauma n'kumuthira m'zikombole zachitsulo zotalika mamilimita 150 mbali zonse. Mawa lake amatulutsa makyubuwo n'kuwamiza m'madzi. Ena amawaphwanya pa makina patatha masiku 7, ena patatha masiku 28. Nkhope imodzi ya kyubu ndi 150 kuchulukitsa ndi 150, kutanthauza masikweya milimita 22,500. Kyubu ikasweka makina atafika pa makilonyutoni 562.5, timagawa manyutoni 562,500 ndi 22,500 n'kupeza 25. Ndiye timati mphamvu ya konkireyo ndi 25 MPa. Kuti mumvetse kukula kwa nambalayi, kabokosi kamene mungakanyamule ndi manja awiri kasenza katundu wolemera matani oposa 57 kasanasweke. Kawirikawiri pa tsiku la 7 konkire amakhala atafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu imene adzakhale nayo pa tsiku la 28, n'chifukwa chake muyeso woyambawo umakhala chenjezo.

Tsopano tiyerekeze kuti mwaphwanya makyubu atatu a konkire mmodzi, ndipo mwapeza 27, 26 ndi 17. Muchita chiyani?

Waulesi amaphatikiza n'kugawa ndi 3, osafunsa kanthu. Wamantha amafufuta 17 n'kulemba 25 kuti tebulo lioneke bwino. Wofufuza amabwerera ku kyubu yachitatu ija. Kodi anaiyeza kulemera isanaphwanyidwe? Konkire wamba amalemera pafupifupi makilogalamu 2,400 pa kyubiki mita, choncho kyubu ya mamilimita 150 iyenera kulemera makilogalamu pafupifupi 8.1. Ngati iyi inali 7.5, ndiye kuti m'kati mwake munali mphako za mpweya, mwina amene anaiumba sanatsendere bwino. Kodi inasweka mofanana mbali zonse zinayi, kapena inang'ambika mbali imodzi chifukwa sinakhale pakati penipeni pa makina? Kodi inakhala m'madzi masiku onse, kapena inaiwalika padzuwa? Mwinanso kyubuyo ilibe vuto, ndipo ikunena zoona: wina anathira madzi owonjezera mu konkire kuti asavute kupalasa. Duff Abrams, wofufuza wa ku America, anasonyeza kale mu 1918 kuti madzi akachuluka poyerekeza ndi simenti, mphamvu ya konkire imatsika. Amisiri ambiri mpaka lero amakonda konkire wamadzimadzi chifukwa sathyola msana.

Chilichonse chimene mwapeza, 17 ija imalembedwa, ndipo pambali pake pamalembedwa zimene mwaona. Miyezo yovomerezeka ili ndi malamulo onena nthawi imene nambala yosemphana ndi zinzake ingapatulidwe powerengera, koma kupatula ndi chifukwa cholembedwa n'kosiyana kwambiri ndi kufufuta.

Tsiku lina folomani adzakupezani muli nokha. Sadzabwera mwaukali. Adzati, "Achimwene, tithandizeni. Nambala imodzi yokhayi isatiimitsire ntchito, anthu akudikira malipiro." Mwina ndi munthu wamkulu, wa msinkhu wa bambo anu, ndipo zimene akunena za malipiro n'zoona. Yankho lake liyenera kukonzedwa tsikulo lisanafike. Mungathe kunena kuti, "Pepani bambo, nambalayi sindingaisinthe. Koma tiyeni tiwauze ainjiniya, akhoza kulamula kuti tiboole konkire wa pamalopo tikamuyezenso." Njira imeneyi ilipodi, ndipo nthawi zina imasonyeza kuti chomangidwacho chili bwino, vuto linali la kyubu. Koma ngati konkireyo alidi wofooka, pamwamba pake padzadutsa minibasi yodzaza anthu, kapena pansi pake padzakhala ana a sitandade 1. Ndipo dzina limene lili pa fomu ndi lanu, si la folomani.

Khalani ndi funso lanulanu

Kusiyana kwa munthu woyeza zinthu ndi wofufuza n'kwakuti wofufuza ali ndi funso limene likumusowetsa tulo. Mwayi wake, mafunso otere ali mbwee pakhomo pathu.

Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. Zotsatira zake tonse tikuziona: mabuloko a simenti akuumbidwa m'mbali mwa misewu ya m'matauni. Kodi thumba limodzi la simenti akulitulutsa mabuloko angati? Kodi akuwathirira madzi masiku angati? Nanga mphamvu yake ndi yotani poyerekeza ndi muyezo? Palinso njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsindira pa makina. Dothi lamchenga limagwirizana ndi simenti, pamene dothi ladongo kwambiri limafuna laimu. Makande a ku Chigwa cha Shire ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa amatupa akanyowa n'kung'aluka akauma, ndipo amang'amba makoma ndi misewu. Aliyense amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023 sangafunse ngati nkhani ya zomangira ili yofunika.

Kapena tengani mankhusu a mpunga amene amaunjikana kuseri kwa zigayo ku Karonga ndi ku Nkhotakota. Mukawatentha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu limatsala ngati phulusa, ndipo phulusalo ladzaza ndi silika. Likapsa pa moto wosapitirira madigiri pafupifupi 700 n'kusinjidwa bwino, silikayo amagwirizana ndi laimu amene amatuluka simenti akamauma, n'kupanga zomatira zina zowonjezera. Motero gawo lina la simenti likhoza kulowedwa m'malo ndi chinthu chimene chikungotayidwa. Moto ukapyola muyeso, silikayo amasintha kaumbidwe n'kukhala ngati mchenga wamba, wosagwira ntchito. Pamenepo pali funso lokwanira digiri yachiwiri: kodi tingamange uvuni wotsika mtengo umene ungasunge kutentha koyenera? Funso longa lomweli lilipo pa phulusa la zotsalira za nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa.

Musaganize kuti awa ndi mafunso a anthu osauka okha. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 pa 100 alionse a mpweya wa carbon dioxide umene anthu amatulutsa padziko lonse, chifukwa klinka, amene ndi mtima wa simenti, amapsa pa madigiri pafupifupi 1,450 ndiponso mwala wa laimu umatulutsa mpweyawo ukamapsa. Ofufuza a ku EPFL ku Lausanne m'dziko la Switzerland, pamodzi ndi anzawo a ku Cuba ndi ku India, anakonza simenti wotchedwa LC3. Mwa iye klinka ndi theka lokha, ndipo mbali yotsalayo ndi dongo lootcha pa madigiri pafupifupi 800, mwala wa laimu wosinja ndi gypsum pang'ono. Si dongo lililonse limene limayenera. Limafunika lokhala ndi kaolinite wokwanira. Wophunzira amene wayeza dongo la kwawo n'kulemba bwino zimene wapeza ali ndi nkhani yokambirana ndi pulofesa wa dziko lililonse.

Kalata, CV ndi kuonekera pamaso pa olemba ntchito

Makalata ambiri ofunsira ntchito amafanana ngati mazira a nkhuku imodzi: ndine wolimbikira, ndimagwira bwino ntchito ndi anzanga, ndimaphunzira msanga. Wowerenga sangatsimikize ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Muuzeni zimene munachita ndi manja anu. Pulojekiti ya chaka chomaliza ndiyo chuma chanu chachikulu, choncho isangotchulidwa mutu wokha. Nenani funso limene munafunsa, zinthu zingati zimene munayeza, pa makina ati, motsatira muyezo uti, ndipo munapeza chiyani. Konzani tsamba limodzi lokhala ndi chithunzi cha zotsatira ndi ndime ziwiri zofotokoza, loti munthu wotanganidwa angaliwerenge tiyi asanazizire.

Musalembe makina amene munangowaona pakhomo. Ngati X-ray diffraction munangoiphunzira pa bolodi, nenani kuti mumadziwa mfundo yake koma simunaigwiritsepo ntchito. Ofufuza enieni amazindikira bodza lotere ndi funso limodzi lokha. Ndipo akakufunsani chimene chinalakwika pa pulojekiti yanu, musanene kuti zonse zinayenda bwino. Palibe kafukufuku amene amayenda bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Magetsi anazima uvuni uli pakati pa ntchito, simenti anali atagona nthawi yaitali m'sitolo, zoyeza zinali zochepa. Akufuna amve mmene munazindikirira vutolo ndi chimene mungachite mosiyana mutayambiranso.

Polembera mphunzitsi wa pa yunivesite, yambani mwawerenga kanthu kamene iye analemba, ndipo funso lanu lichokere pamenepo. Kalata yonena kuti "ndikufuna mwayi uliwonse" imavuta kuyankha. Koma yonena kuti mwawerenga ntchito yawo ya dothi la m'misewu, ndipo inu muli ndi zotsatira za dothi la kwanu zimene zikusemphana ndi zawo, imachititsa munthu kuimika zimene akuchita. Kalembetseninso ku Malawi Engineering Institution monga injiniya wongomaliza kumene, kuti zaka zimene mukugwira ntchito ziyambe kuwerengedwa.

Pali nkhani ina imene owerenga magazini ino ambiri adzakumana nayo, ya Sabata. Mafakitale ena amayenda usana ndi usiku, ndipo makontirakitala ambiri amathira konkire Loweruka. Ndi bwino kuinena nkhaniyi poyera musanasaine kalata ya ntchito, ndipo mubwere ndi njira yothandiza. Zindikirani kuti 7, 14 ndi 28 onse amagawika ndi 7, choncho kyubu youmbidwa Lachiwiri idzaphwanyidwa Lachiwiri. Amene amakonza yekha ndondomeko ya kafukufuku wake akhoza kuisanja mosavuta. Chovuta ndi miyeso ya masiku atatu, kapena kutulutsa m'chikombole zimene zaumbidwa Lachisanu. Pamenepo pamafunika kugwirizana ndi mnzanu wa ntchito, inu n'kumutengera Lamlungu kapena masiku a tchuthi. Si onse olemba ntchito adzavomera, ndipo ndi bwino kudziwiratu.

Za maphunziro apamwamba tinene mwachidule. Amene akufuna kudzatsogolera kafukufuku adzafunika digiri yachiwiri, mwinanso yachitatu. Thandizo la Commonwealth, la DAAD ya ku Germany ndi la Chevening ya ku Britain lilipo, koma opikisana ndi ambiri, ndipo Chevening imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka zosachepera ziwiri. Ku South Africa kuli Mintek ku Randburg, bungwe la boma lofufuza za miyala ndi zitsulo, CSIR ku Pretoria, ndi yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Konseko adzafuna makalata a umboni ochokera kwa anthu amene anakuonani mukugwira ntchito. Apa zaka ziwiri za mu labotale ya fumbi zija zimayamba kubweza.

Kwa makolo ndi abale: mwana akalandira ntchito ya malipiro ochepa mu labotale pamene mnzake wa kalasi imodzi walowa ku banki, musafulumire kumuona ngati wasochera. Mufunseni chimene akuyeza sabata ino, ndipo mumvetsere yankho lake.

Zochita sabata ino

Simufunika kudikira labotale kuti muyambe. Pezani mabotolo atatu agalasi oonekera m'kati, ofanana kukula, a mbali zowongoka. Tapani mchenga m'malo atatu osiyana: wa kumtsinje, wa kudambo, ndi wa pamulu umene amisiri akumangira pafupi ndi kwanu, mutapempha kaye. Thirani mchenga mpaka theka la botolo lililonse, onjezerani madzi osungunuliramo mchere pang'ono mpaka atatsala pang'ono kudzaza, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, kenaka ikani pamalo osagwedezeka. Mchenga udzakhazikika msanga pansi, ndipo matope osalala adzagona pamwamba pake pang'onopang'ono. Patatha maola atatu yezani ndi rula kutalika kwa mchenga ndi kwa matopewo, ndipo muwerengere kuti matope ndi angati pa 100. Matope akachuluka amakuta mchenga, simenti n'kulephera kugwira bwino, ndiponso amachititsa mmisiri kuwonjezera madzi.

Lembani m'kope, ndi bolopeni osati pensulo: tsiku, malo amene mchenga wachokera, ngati unali wouma kapena wonyowa, nthawi imene munakhutchumula ndi imene munayeza. Mawa lake bwerezani ndi mchenga wa pamilu yomweyo. Manambala akasiyana ndi a dzulo musafufute. Lembani onse awiri, ndipo pansi pake mulembe chimene mukuganiza kuti chawasiyanitsa ndi mmene mungachiyesere.